Base ya mitundu iwiri ya softball: yabwino pokhapokha ikakhazikika pamzere

Base yoyamba ya mitundu iwiri, poponda poyamba pomwe wosewera wa softball amathamangira akamenya mpira, ndi yotalika mainchesi 30 ndipo m'lifupi ndi mainchesi 15, theka loyera, theka la olenji. Anaipangira kuti wothamanga asagundane ndi wogwira mpira pa base, ndipo ntchitoyo imaigwiradi. Koma oyimbira amaiyang'ana ndi diso lina: theka loyera limakhala mkati mwa bwalo, la olenji kunja kwa mzere wa malire a bwalo. Mpira womenyedwa ukagunda poyera ndi fair (uli mkati, masewero apitirira), ukagunda pa olenji pokhapokha ndi foul (watuluka kunja). Ukanjanja n'kudutsa pamwamba pa base, chigamulo chimatengera mbali yomwe wadutsa, ngakhale ukagwere kunja patsogolopo.

Pamsika pali ma base otere opangidwa m'njira ziwiri. Yotchipa amaikhomerera ndi zikhomo zachitsulo zopisa m'malamba apansi pake. Pophunzitsira ana ilibe vuto. Pamasewero enieni imasokoneza, chifukwa wothamanga akaiponda ali pa liwiro imasendera pang'onopang'ono, makamaka padothi lofewa, ndipo malire a mitundu iwiriyo amachoka pamzere. Inchesi imodzi yokha ndi yokwana kuyambitsa mkangano: mpira wagunda poyera, koma poyerapo pasendera kunja. Yokwera mtengo ili ndi chitsulo chomwe chimalowa m'chimake chokwiriridwa pansi, ndipo sisuntha. Tikulangiza imeneyi kwa aliyense amene ali ndi bwalo lokhazikika, ngakhale kuika kwake kumafuna kukumba ndi kuthira simenti.

Poika ndi pomwe ambiri amaphonya. Mzere wa laimu wonse ndi gawo la fair, choncho mphepete yake yakunja iyenera kulunjika pomwe poyera pakumana ndi pa olenji. Mangani chingwe kuchokera pansonga yakumbuyo ya home plate (pomwe womenya mpira amaima), yezani mafiti 60 kufika kumbuyo kwa base ngati ndi fastpitch (softball yoponya mpira mwaliwiro), kenako thirani laimu mkati mwa chingwecho, osati pakati pake. Ena amaika malirewo pakati pa mzere, ndiye theka la laimu limathera pa olenji.

Chodandaulitsa n'chakuti mitundu imazilala. Dzuwa limawaula olenji, fumbi lofiira limadetsa poyera, mpaka oyimbira wa ku home plate, yemwe ndi mwini chigamulo mpira usanapitirire base, amangoona mtundu umodzi. Muziitsuka ndi sopo, muziichotsa masewero akatha, ndipo oyimbira asamasiye burashi.

Komanso base siithandiza pa mpira womwe sunaifike. Woterowo umagamulidwa pomwe waima kapena pomwe wakhudzidwa koyamba, poyang'ana mpirawo, osati mapazi a wosewera. Ukhoza kuyamba kunja n'kugubuduzikira mkati, choncho oyimbira asafulumire kukuwa "foul". Ukakhala fair palibe kukuwa, amangoloza mkati mwa bwalo.