Ndemanga: Matumba a mpweya a Air Lift 1000 pa galimoto yokoka kalavani

Matumbawa, amene amaikidwa mkati mwa masipuling'i akumbuyo a galimoto n'kupopedwa mpweya, amagwiradi ntchito imene anawapangira. Galimoto imene inkakhala pansi kumbuyo mukangokolekako kalavani (kanyumba ka matayala kokokedwa ndi galimoto) imadzuka n'kuima bwino, ndipo kunjanja kuja kumachepa kwambiri. Koma ambiri amawagula ali ndi chiyembekezo cholakwika, ndiye ndi bwino kuyamba ndi zimene sachita.

Kalavani ikakolekedwa, kulemera kwa kutsogolo kwake kumatsamira pa kampira ka towbar (chitsulo chokokera cha kumbuyo kwa galimoto), kamene kali kumbuyo kwa matayala akumbuyo. Tiyerekeze kuti pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo pali mamita 2.8, ndipo kampirako kali mita 1.1 kumbuyo kwa ekiselo. Makilogalamu 80 pa kampirako amasanduka pafupifupi 111 pa ekiselo yakumbuyo, ndipo 31 amachoka ku matayala akutsogolo. N'chifukwa chake chiwongolero chimapepuka, nyali n'kumathobwa m'maso anzanu. Matumba a mpweya amakonza za nyalizo ndi kaimidwe ka galimoto, koma makilogalamu 111 aja amakhalabe pomwepo. Malire a katundu amene opanga galimoto analemba sasintha ngakhale pang'ono, ndipo a kampani ya Air Lift eniake amanena zimenezi momveka m'buku la malangizo.

Choncho musanawononge ndalama, yezani. Ikani sikelo ya kubafa pansi pa chokolekera cha kalavani, muimikepo kathabwa kotalika mofanana ndi msinkhu wa kampira, kalavaniyo itanyamula zonse za paulendo. Ku Britain, kumene kukoka kalavani ndi chizolowezi cha mabanja ambiri, amalangiza kuti kulemera kumeneku kukhale 5 mpaka 7 peresenti ya kulemera konse kwa kalavani, koma osapitirira nambala yolembedwa pa towbar, imene pa magalimoto ambiri apabanja imakhala pakati pa makilogalamu 75 ndi 100. Sikelo ikaonetsa 120, vuto si masipuling'i ayi. Ndi mabotolo a gasi, batire ndi tenti zimene mwaunjika kutsogolo. Zisunthireni pansi pafupi ndi ekiselo ya kalavani, osati kumbuyo kwenikweni, chifukwa kumeneko zimayambitsa kugwedezeka uku ndi uku pamsewu. Onaninso ngati sipuling'i sinathyoke cha kumunsi kumene dzimbiri limadya, komanso ngati mashoki sakudontha mafuta. Thumba la mpweya pa sipuling'i yothyoka ndi kungobisa matenda.

Zonsezi zikakhala bwino koma galimoto n'kumatsikabe, apo ndiye Air Lift 1000 imathandiza. M'bokosi mumakhala matumba awiri a pulasitiki wofanana ndi labala wotchedwa polyurethane, kapayipi ka mpweya, mavalavu awiri ofanana ndi a tayala, tomangira, ndi zotchingira kuti thumba lisakhulane ndi chitsulo. Thumba limalowa mkati mwa sipuling'i yopiringizika ya kumbuyo. Ngati pa galimoto yanu shoki imadutsa mkati mwa sipuling'i, musagule, mulibe malo. Ngati ili ndi mashoki odzikweza okha a Nivomat, monga ma Volvo V70 ena, kutsikako nthawi zambiri kumatanthauza kuti mashokiwo atha, ndipo ofunika kusintha ndi iwowo.

Kuika kwake kumatenga maola awiri kapena atatu kwa munthu wozolowera sipanala. Kwezani galimoto ndi jeke, muichirikize ndi zitsulo zolimba, matayala alendewere kuti masipuling'i atambasuke. Finyani thumba mpweya wonse utuluke, mutseke kukamwa kwake, mulipinde m'litali, kenako mulilowetse pampata wa sipuling'i. Apa m'pamene pamafunika kuleza mtima. Thumba lozizira limauma gwa, koma likakhala kaye m'madzi ofunda limafewa, ndipo madzi a sopo amalithandiza kutsetsereka. Kankhirani ndi chinthu chosasongoka. Sikuludiraiva imaboola, ndipo thumba lobooka silimatika.

Pa kapayipi ndi pamene ambiri amalakwitsa. Dulani ndi lezala mowongoka, chifukwa pulayala kapena lumo zimakaphwanya kukamwa ndipo mpweya umathawira pomwepo. Siyani kapayipi kotsalako pang'ono pafupi ndi thumba kuti kasakokeke tayala likatsika m'dzenje, ndipo kadutse kutali ndi ekizozi. Thumba la mbali ya ekizozi likhale ndi chotchinga kutentha ngati paipi yotenthayo yayandikira. Pali njira yolumikiza matumba onse ku valavu imodzi, imene imafewetsa kupopa, koma pokhota mpweya umathawa ku thumba lopanikizika kupita ku linzake, galimoto n'kupendekeka. Kwa wokoka kalavani, mavalavu awiri ndiye abwino. Mukamaliza popani mpaka 30 psi (muyezo wa mpweya womwe uja wa m'matayala), muwaze madzi a sopo polumikizira ponse muone ngati pakutuluka thovu, mawa lake muyezenso. Kutsika pang'ono tsiku loyamba si kodabwitsa, koma kupitirira 5 psi ndiye kuti penapake pakutuluka.

Mpweya wololedwa ndi 5 mpaka 35 psi. Njira yopezera mlingo woyenera ndi ya tepi: yezani kuchokera pansi mpaka m'mphepete mwa bodi pamwamba pa tayala lakumbuyo galimoto ili yopanda kanthu, popani matumba musanakweze katundu, kolekani kalavani, ana akwere, buti idzaze, kenako muziphwetsa pang'onopang'ono mpaka galimoto itatsala sentimita imodzi kapena awiri kuti ifike pa msinkhu woyamba uja. Pakati pa kampira pazikhala mamilimita 350 mpaka 420 kuchokera pansi galimoto italemedwa, monga malamulo a ku Ulaya amanenera. Gwiritsani pampu ya njinga. Matumbawa ndi aang'ono, kompuresa ya pa filing'i siteshoni imawadzaza m'kuphethira kwa diso n'kupitirira malire.

Pamsewu kusintha kumamveka msanga. Galimoto sigundanso pansi pa mahampu, ndipo lole ikamadutsa kalavani sikankha kumbuyo kwa galimoto ngati kale. Chosowetsa mtendere n'chakuti matumbawa amafuna kuwakumbukira. Mukamasula kalavani n'kuiwala kuphwetsa, galimoto imauma ndipo okhala kumbuyo amamva mwala uliwonse. Mukawasiya opanda mpweya, amapanika pakati pa zitsulo n'kung'ambika, ndiye 5 psi ija isamasowe, muziyeza sabata iliyonse. Amene amayenda ndi katundu wolemera masiku onse angachite bwino ndi masipuling'i othandizira achitsulo, monga a kampani ya MAD ya ku Netherlands, chifukwa amenewo ukaika waika. Koma kwa banja lokoka kalavani kangapo pachaka, masiku ena onse galimoto n'kumangoperekeza ana kusukulu, kutha kupopa ndi kuphwetsa ndi mwayi waukulu, ndipo ndi chifukwa chake ndikuwapatsa nyenyezi 4 mwa 5. Ngati muli ku Britain, uzani a inshuwalansi kuti mwaikamo matumbawa, chifukwa amawawerengera m'gulu la zosintha pa galimoto.