Case, Sheffield kapena Remington: wongoyamba kumene agule uti pa chionetsero?

Pa zionetsero za mipeni ku America, monga Blade Show ya ku Atlanta ya mu June kapena chionetsero cha ku Eugene, Oregon, cha mu April, pa matebulo a mipeni yopinda yakale sipasowa mayina atatu: Case, Remington ndi mipeni ya ku Sheffield, England. Ngati m'thumba muli ndalama za mpeni umodzi wokha, ine ndingati yambani ndi Case. Sikuti ndiyo yokongola kuposa inzake ayi, koma mpeni wa Case umanena wokha zaka zake.

Utseguleni, muone chidindo cha patsinde pa chitsulo. Chikakhala "Case Tested XX", mpeniwo ndi wa cha m'ma 1920 mpaka 1940. "Case XX" chabe ndi wa 1940 mpaka 1964, ndipo mawu oti USA anawonjezedwa mu 1965. Mu 1970 kampaniyi, yomwe ili ku Bradford, Pennsylvania, inaika madontho khumi pansi pa dzina n'kumachotsa limodzi chaka chilichonse. Pa mipeni ya m'ma 1970, madontho 7 ndiye kuti 1973, dontho limodzi 1979. Palinso nambala ya mtundu wa mpeni. Tinene 6254: 6 akutanthauza chogwirira cha fupa, 2 zitsulo ziwiri, 54 ndi kapangidwe kotchedwa Trapper. Kukayamba 5, chogwirira n'cha nyanga ya gwape. Munthu atha kuloweza zonsezi madzulo amodzi, mawa lake n'kumanenerera mtengo osachita manyazi.

Vuto n'lakuti atambwali nawo analoweza. Amapala chidindo chatsopano n'kudinda chakale, kapena kusonkhanitsa ziwalo za mipeni itatu n'kupanga umodzi. Musapite wopanda kagalasi kokulitsira zinthu. Patsinde pa chitsulo pakaonda kusiyana ndi sipuling'i ya kumsana, dziwani kuti panadutsa tupa. Mpeni wa zaka 90 wonyezimira ngati wa m'sitolo muukayikirenso: nthawi zambiri aupukuta ndi makina, ndipo osunga mipeni amaudula mtengo kwambiri. Kadzimbiri pang'ono n'kabwino kuposa kuwala kotere.

Pa luso la manja, Sheffield ndiye mwini bwalo. Mpeni wa kampani ya Joseph Rodgers & Sons, wa chizindikiro cha nyenyezi ndi mtanda komanso adiresi ya 6 Norfolk Street, kapena wa George Wostenholm wodindidwa I*XL, umatseka mosalala moti suufuna kuusiya pansi. Kupeza chaka chake ndiye ntchito. Lamulo la msonkho la ku America la 1890 linachititsa kuti katundu wolowa m'dzikomo azilembedwa dziko lochokera, choncho mawu oti England amaloza ku 1891 kupita m'tsogolo, pamene kusowa kwake kumangopereka chiyembekezo, osati umboni. Mawu oti "Cutlers to Her Majesty" pa mpeni wakale wa Rodgers amaloza ku nthawi ya Mfumukazi Victoria, amene anamwalira mu 1901. Kupyola apo mumadalira diso, ndipo diso silibwera msanga. Mayina a Rodgers ndi Wostenholm akugwiritsidwabe ntchito pa mipeni yatsopano, ndiye dzina palokha lisakutengeni mtima.

Chenjezo lina pa Sheffield ndi zogwirira. Yambiri yapamwamba ili ndi mnyanga wa njovu kapena chigoba cha kamba wa m'nyanja. America inakhwimitsa malamulo a malonda a minyanga mu 2016, Britain mu 2022, ndipo kudutsa nawo pabwalo la ndege wopanda zikalata n'kudziitanira mlandu, ngakhale mpeniwo ukhale wa agogo a agogo. Sankhani wa fupa, nyanga ya gwape kapena mtengo.

Remington muisiye kaye. Kampani ya mfutiyi inapanga mipeni ku Bridgeport, Connecticut, kuyambira 1920 mpaka 1940 basi, ndipo yotchuka ndi ija ili ndi kachizindikiro ka chipolopolo pa chogwirira, monga R1123. Yeniyeni ndi yodula zedi. Kuyambira 1982 panatuluka ina yotsanzira, yovomerezeka ndithu, yopangidwa ndi Camillus, ndipo wosazolowera atha kulipira mtengo wa wakale pa watsopano. Mukaufunitsitsa, pitani nawo kwa wogulitsa wina wa tebulo lapatali akauone kaye. Mwini mpeni akakana zimenezo, ubwezeni pa tebulo.