Ryzen 5 7600 m'kabokosi ka mini-ITX: ndi yoyenera kugula?

Musanasankhe purosesa ya kompyuta yaing'ono ya mini-ITX (muyeso wa motherboard yaing'ono ndi mabokosi ake), yambani mwadziwa mpata umene uli pakati pa motherboard ndi chivindikiro cha m'mbali mwa bokosi. Mamilimita amenewo ndiwo amalamula zonse. Bokosi la DAN A4-SFX limalola cooler, chozizitsira purosesa, yosapitirira 48 mm kutalika. Fractal Design Terra, ya malita 10.4, ili ndi msana wosunthika, chitsulo chogawa bokosi pakati, ndiye mpata wa cooler umakhala pakati pa 48 ndi 77 mm, koma milimita iliyonse imene mwapatsa cooler mwailanda graphics card kumbali inayo. Cooler Master NR200 ndi yotakasuka, imalandira cooler yoimirira yotalika cha m'ma 150 mm. Pa mabokosi opanikizika ngati awiri oyambawo, Ryzen 5 7600 ya AMD imakwana bwino kuposa mapurosesa ambiri odziwika.

Inatuluka mu Januwale 2023. Ili ndi ma core 6 ndi ma thread 12 a Zen 4, imafika 5.1 GHz, L3 cache yake ndi 32 MB, ndipo imalowa mu soketi ya AM5. Pabokosi lake analembapo 65 W, koma nambala imeneyi isakunamizeni. AMD imalola purosesa ya 65 W kukoka mpaka 88 W ikalemedwa ntchito, ndipo 88 W ndiyo cooler yanu idzalimbane nayo. Mkulu wake, 7600X, ndi ya 105 W, imaloledwa kukoka mpaka 142 W, koma imangoposa mng'ono wakeyu ndi 200 MHz pa liwiro lapamwamba. Pa masewera ndi ntchito za tsiku ndi tsiku kusiyanako simungakuone ndi maso, pamene phokoso la fani mudzalimva ndithu.

Kumbali ya Intel vuto ndi lomweli, komatu lokulirapo. Core i5-14400 nayonso imatchedwa ya 65 W, chikhalirecho imaloledwa kufika 148 W, ndipo i9-14900K imafika 253 W. Kuika purosesa yotereyi pansi pa cooler ya 47 mm kuli ngati kusonkha chimoto chachikulu m'kachipinda kopanda zenera. Mukhoza kuichepetsera mphamvu mu BIOS, pulogalamu ya ma setting a motherboard, inde, koma ndiye kuti mwalipira liwiro lomwe simudzaligwiritsa ntchito. Onjezani kuti soketi ya LGA1700 inathera pa m'badwo wa 14, pamene AMD inalonjeza kupitiriza ndi AM5 mpaka 2027 kapena kupitirira apo. M'kabokosi kakang'ono, kusintha motherboard kumatanthauza kuphwasula chilichonse, zingwe zonse ndi power supply yomwe, ndiye soketi yokhalitsa ndi phindu lenileni.

Mukagula 7600 ya m'katoni ya AMD mumapezamo cooler ya Wraith Stealth. Imagwira ntchito, koma pa ntchito yolemera fani yake imalira, ndipo kutalika kwake, cha m'ma 54 mm, kumaipangitsa kuti isalowe mu A4-SFX. Pa mpata wa 48 mm, Thermalright AXP90-X47 ndi yabwino. Noctua NH-L9a-AM5, ya 37 mm, imalowa paliponse koma imakhala itafika pamapeto pa mphamvu zake ikamazizitsa 88 W. Ngati mpata ulipo, Noctua NH-L12S ya 70 mm ndiyo imapereka bata, bola mukumbukire kuti fani yake ikakhala pansi pa zitsulo, RAM isapitirire 35 mm kutalika. RAM ya magetsi okongoletsa kawirikawiri imatalika kuposa apo, ndipo ambiri amazindikira izi zomangira zili kale m'manja. Musaiwalenso kuti backplate ya AM5, chitsulo cha kuseri kwa motherboard, ndi yomangiriridwa ku soketi, simungaichotse. Cooler yakale ya AM4 yomwe imafuna backplate yakeyake siilowa popanda zomangira zatsopano.

Chimene chimadzidzimutsa anthu ambiri ndi kutentha. Mapurosesa a Ryzen 7000 anapangidwa kuti azikweza liwiro mpaka atafika malire a mphamvu kapena 95°C, chilichonse chimene chayamba kufika. Chitsulo chapamwamba pa purosesayi ndi chokhuthala, ndipo ma core anaunjikana pa kachidutswa kakang'ono ka silicon, motero kutentha kumachedwa kutuluka. Mukaona madigiri a m'ma 80 kapena 90 pa Cinebench, pulogalamu yoyesera mphamvu za purosesa, muli ndi cooler yaifupi, sikuti mwalakwitsa kumanga. Chofunika kuyang'ana mu HWiNFO, pulogalamu yoonetsa kutentha ndi liwiro la purosesa, ndi liwiro: ngati likukhazikika kwa mphindi 10 zonse za mayesowo, zinthu zili bwino. Ngati kutentha kukufika 95°C m'masekondi ochepa liwiro n'kumatsika, zimitsani muone zinthu zitatu. Kapulasitiki koteteza pansi pa cooler mwina simunakamatule. Zomangira mwina munamanga mbali imodzi mpaka kumapeto musanagwire inayo, pomwe zimafunika kumangidwa mopingasa, pang'onopang'ono. Kapena fani yayandikira kwambiri chivindikiro, ndiye ikumenya mpweya pa mabowo n'kumalira m'malo mokoka. Kusiya mpata wa mamilimita angapo kumachepetsa phokoso limeneli.

Ubwino waukulu wa 7600 umaonekera mukalowa mu BIOS. Pansi pa Precision Boost Overdrive pali Curve Optimizer, imene imachepetsa voteji pa liwiro lililonse. Sankhani All Cores, ikani Negative, yambani ndi 15. Yesani kukhazikika kwake ndi pulogalamu ya OCCT kapena CoreCycler, kenako igwiritseni ntchito masiku angapo musanapite pa 20. Si purosesa iliyonse imene imafika pa 30. Chodabwitsa n'chakuti mukapyola muyeso, kompyuta kawirikawiri siigwa pa ntchito yolemera. Imangodzizimitsa n'kuyakanso ili chikhalire kapena mukungowerenga pa intaneti, chifukwa pamenepo ndi pamene core imodzi imalumphira pa liwiro lapamwamba ndi voteji yochepa. Zikatero bwererani m'mbuyo ndi 5. Pamalo omwewo mukhozanso kuika malire a kutentha pa 85°C kapena kutsitsa PPT, malire a mphamvu imene purosesa imakoka (88 W aja), kufika cha m'ma 70 W. Liwiro limatsika pang'ono chabe, koma fani imakhala phee.

Zofooka zake zilipo. AM5 imalandira DDR5 yokha, ndiye RAM yanu yakale ya DDR4 ilibe malo. Motherboard ya mini-ITX, ya 170 ndi 170 mm, ili ndi malo a RAM awiri okha, choncho gulani kuchuluka komwe mudzafune kuyambira pachiyambi, mwachitsanzo 2 × 16 GB ya DDR5-6000 yokhala ndi EXPO, ma setting okonzeratu okweza liwiro la RAM. Poyatsa koyamba, kapena mukangotsegula EXPO, sikirini imatha kukhala yakuda kwa mphindi zingapo pamene motherboard ikuyeza RAM. Musazimitse, dikirani. Kutsegula Memory Context Restore kumafupikitsa nthawiyi pa kuyatsa kotsatira. Sinthaninso BIOS kuti ikhale yatsopano: mu 2023 ma motherboard ena ankapereka voteji yochuluka ku SoC, gawo la purosesa loyendetsa RAM ndi zolumikizira zina, EXPO ikatsegulidwa, mapurosesa ena mpaka anapsa, ndipo AMD inakonza poika malire a 1.3 V. Samalaninso ndi timapini ta soketi, popeza pa AM5 tili pa motherboard osati pa purosesa, ndipo screwdriver ikaterereka m'malo opanikizika imatipinda mosavuta.

Mkati mwa 7600 muli ka GPU kakang'ono ka ma compute unit 2. N'kokwanira kuonetsa zithunzi, kuonera mafilimu ndi kugwira ntchito za mu ofesi, komanso kamathandiza kwambiri pofufuza vuto, makamaka m'mabokosi ogwiritsa ntchito riser cable, chingwe cholumikiza graphics card ku motherboard: mukachotsa graphics card n'kuona kuti sikirini yayaka, mwadziwa kumene kuli vuto. Ichi n'chifukwa chake 7500F, yomwe ilibe GPU, sitiilimbikitsa pa mabokosi otere. Koma masewera amakono ka GPU kameneka sikangawathe.

Ngati simudzaikamo graphics card n'komwe, 7600 si yanu. Tengani Ryzen 7 8700G, ya 65 W yokhala ndi Radeon 780M, imene imayendetsa masewera ambiri pa 1080p mukatsitsa ma setting. Dziwani kuti L3 cache yake ndi 16 MB yokha ndipo imapatsa graphics card ma lane 8 okha a PCIe 4.0, choncho si maziko abwino ngati mukuganiza zodzaonjezera khadi yamphamvu m'tsogolo. Ngati cholinga ndi masewera basi ndipo muli ndi graphics card yapamwamba, Ryzen 7 7800X3D ndi yoposa 7600 moonekeratu chifukwa cha 96 MB ya L3 cache. Ngakhale inalembedwa 120 W, pa masewera imakoka mphamvu yocheperapo kwambiri, koma malire ake a kutentha ndi 89°C, ndiye imafuna cooler ya 65 mm kapena kuposa kuti ipume bwino. Kwa amene amakonza mavidiyo tsiku lonse, ma core 6 adzachepa. Ryzen 7 9700X ya mu Ogasiti 2024 ili ndi ma core 8 pa 65 W yomweyo. Pa 8700G ndi 9700X, motherboard ya B650 yomwe yakhalitsa m'sitolo ingafune BIOS yatsopano isanayake, ndiye sankhani yokhala ndi batani la BIOS Flashback, limene limalola kusintha BIOS ndi flash disk popanda purosesa.

Kwa wina aliyense amene akufuna kompyuta yaing'ono ya ntchito, maphunziro ndi masewera ndi graphics card yapakati, 7600 pamodzi ndi motherboard ya B650 ya mini-ITX, 32 GB ya DDR5-6000 yaifupi, power supply yaing'ono ya mtundu wa SFX, ndi cooler yaitali kwambiri imene bokosi lanu lingalole, ndi zimene tikulimbikitsa.