Kuzula dzino la kumapeto pa kiliniki ina ya pa boma la Mangochi

Mano anayi a kumapeto kwa nsagwada amatuluka mochedwa, pakati pa zaka 17 ndi 25. Pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse amakhala ndi limodzi lomwe lakanirira m'fupa kapena m'nkhama, nthawi zambiri kunsagwada ya m'munsi, litapendekera kutsogolo n'kutsamira dzino linzake. Kiliniki yolipira imeneyi imalandira odwala otere ambiri, ndipo ntchito yake ndi yabwino, koma ili ndi malire.

Chotamandika choyamba n'chakuti sathamangira kuzula. Nkhama ikatupa pamwamba pa dzino lotuluka theka, pomwe timinga ta usipa ndi nsima zimabisala, amayamba atsuka pansi pake ndi kupereka mankhwala opha tizilombo a amoxicillin kapena metronidazole ngati mafinya afalikira. Womwa metronidazole asayandikire mowa. Kutupa kukaphwa, amabaya mankhwala ochititsa dzanzi a lidocaine, kung'amba nkhama pang'ono, kuchepetsa fupa, kudula dzinolo pawiri ngati lagona, kenako kusoka. Ulusi amachotsa pakatha masiku 7.

Pomwe pakuperewera ndi pa X-ray. Kamakina kawo kamajambula dzino limodzi kapena awiri, osati nsagwada yonse. Pansi pa mizu ya dzino la m'munsi pamadutsa mtsempha womwe umapatsa mlomo ndi chibwano mphamvu yomva. Ukakhudzidwa, mlomo umachita dzanzi kwa milungu kapena miyezi. Mizu ikaoneka kuti yayandikira mtsemphawo, pemphani kalata yopita ku Zomba Central kapena ku Queens ku Blantyre. Musalole kuti ayese mwayi.

Malangizo a pambuyo pake amangonena pakamwa, mwachangu, munthu ali ndi thonje m'kamwa. Ndiye alembeni: lumani thonjelo mphindi 30, tsiku loyamba osachukucha, osalavula, osasuta fodya, kuyambira mawa lake chukuchani pang'onopang'ono ndi madzi ofunda kapu imodzi yothira theka la tiyisipuni ya mchere. Idyani phala lozizira, kondowole adikire kaye. Magazi oundana pabalapo akachoka, fupa limakhala poyera, ndipo ululu woopsa umayamba tsiku lachitatu mpaka lachisanu, kufika kukhutu. Panado sathandiza pamenepo. Bwererani akatsuke ndi kuikapo mankhwala.

Amene mumasala pa Ramadani, panganani tsiku mwezi usanayambe, chifukwa mankhwala ena amamwedwa katatu patsiku.