Komiti ya pachipatala ku Mchinji: pa mankhwala ikuthandiza, pa madandaulo ikadali kumbuyo

Pazipatala zing'onozing'ono za boma kuno ku Mchinji pamakhala komiti ya anthu akumudzi yomwe ambiri amaitchula kuti HAC (Health Centre Advisory Committee), ngakhale m'makalata a unduna tsopano ndi HCMC (Health Centre Management Committee). Mamembala ake amachokera m'midzi yomwe chipatalacho chimatumikira, ndipo salandira malipiro.

Phindu lake limaoneka bwino tsiku lobwera mankhwala kuchokera ku Central Medical Stores Trust, bungwe logula ndi kugawa mankhwala m'zipatala za boma. Membala amayenera kukhalapo galimoto ikamatsitsa katundu, kuwerenga zomwe zabwera, kufananitsa ndi zolembedwa pa delivery note (chikalata chobwera ndi katunduyo), kenako kusayina pamodzi ndi a in-charge. Izi zikachitika moyenera, mankhwala savuta kuwalondola, ndipo mphekesera zoti adokotala akugulitsa mankhwala zimachepa chifukwa mboni ilipo.

Koma apa pomwe ndi pamene zimalakwika. Ena amangowerenga makatoni osatsegula. Mankhwala a malungo a LA amabwera m'mitundu inayi malinga ndi kulemera kwa wodwala: 1x6, 2x6, 3x6 ndi 4x6. Kungomva kuti LA wafika sikokwanira, chifukwa wa ana aang'ono akhoza kukhala wochepa, ndiye vuto limadzaonekera mvula ikakhazikika, malungo atavuta. Onaninso tsiku lothera mphamvu pa bokosi lililonse, zipangizo zoyezera malungo ziwerengedwe pazokha, ndipo nambala zomwe mwasayinira zilowe pa stock card (khadi lolembapo mankhwala olowa ndi otuluka) tsiku lomwelo. Galimoto ikafika mwadzidzidzi membala ali kumunda, asadzasayine mawa lake zinthu zomwe sanazione. Ndi bwino kukhala ndi mamembala awiri okhala pafupi, manambala awo a foni atamatidwa ku pharmacy.

Pa madandaulo ndiye tikupereka malikisi ochepa. Bokosi la maganizo limapachikidwa poonekera, pomwe namwino akuona aliyense woponyamo kapepala, kiyi wake n'kukhalanso ndi ogwira ntchito omwewo. Mayi woti mwezi wamawa adzabweranso kusikelo sangayerekeze. Nanga agogo osatha kulemba adandaule bwanji? Bokosi lichoke pakhomo la OPD, lizitsegulidwa pali mamembala awiri, ndipo mayankho azinenedwa m'mawa pa nthawi ya health talk. Nkhani yaikulu, monga kulipiritsa thandizo laulere, ipite kwa hospital ombudsman, wolandira madandaulo a odwala pachipatala chachikulu cha boma.

Njira ya community score card, yomwe CARE Malawi inayambitsa mu 2002, imathandiza kwambiri apa: odwala amapereka malikisi paokha, ogwira ntchito paokha, kenako n'kukumana kuti agwirizane chochita, wochita ndi tsiku lake.

China chofunika kuchikonza ndi kasankhidwe. Komiti ikadzaza ndi abale a mfumu, achinyamata ndi anthu a ulumali alibe wowalankhulira. Mukapita kuchipatala, funsani alangizi a zaumoyo kuti wapampando wa komiti ndani komanso msonkhano wotsatira uliko liti.