Pulagi yakana kumasuka: paipi, WD-40, palafini kapena wowotcherera?

Chiyambireni madzi osefukira a Freddy mu Malichi 2023, funso ili silikutha pa siteji ya kabaza pa Nchalo, ngakhale anzathu a ku Ngabu ndi ku Bangula amaimba foni kufunsa zomwezi: njinga yamoto yakhalitsa osayenda, pulagi yauma mu hedi, ndiichotse bwanji? Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi, achimwene, ndiye werengani pano.

Chimene chagwira pulagiyo si ufiti. Hedi, mutu wa injini umene pulagi imalowamo, ndi ya aluminiyamu, pulagi ndi yachitsulo, ndipo ziwirizi zikalowa chinyezi zimadyana m'mazinga. Onjezani mwaye wa mu injini umene umauma kunsonga kwa pulagi. Chofewa pa ziwirizi ndi hedi, choncho mukalimbana nazo mwamphamvu imagonja ndi hediyo.

N'chifukwa chake njira ya paipi, ija yovekera paipi yaitali ku sipanala n'kudumphirapo, sindiiwerengera n'komwe. Mazinga a pulagi ya C7HSA ndi a mamilimita 10 okha, a D8EA ndi 12, ndipo mkati mwake ndi mwamphako. Imathyoka musanamve kuti mwapitirira.

WD-40, mafuta opopera a m'chitini aja, ndi palafini ntchito yake ndi imodzi, kulowerera m'mazinga. WD-40 ali ndi kachubu kofika pamalo opanikiza, koma kuno m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likapitirira madigiri 40, amauma msanga, ndiye mumangopoperapopera mpaka chitini chonse kutha. Palafini wosakaniza ndi dizilo pang'ono amakhalitsa, mtengo wake ndi wa pa botolo. Ine ndili mbali ya palafini. Ena amathira mafuta a mabuleki. Amenewo amasenda penti, samalani.

Koma mafuta paokha sakwanira. Yambani mwachotsa mchenga wonse wozungulira pulagi ndi pampu ya njinga, chifukwa ikangomasuka mchengawo ugwera pa pisitoni. Thirani palafini madzulo, agone. M'mawa, ngati injini ikulira, ilizeni pang'ono ingofunda, yoti mutha kuigwira ndi dzanja. Aluminiyamu akatentha amafutukuka pafupifupi kawiri kuposa chitsulo, ndiye bowo limapepukirako. Ikatentha kwambiri mazinga amafewa n'kutuluka limodzi ndi pulagi. Ngati siikulira, madzi otentha pa hedi amathandiza. Tengani soketi yokwana bwino, 16 ya C7HSA, 18 ya D8EA, mangani kaye pang'ono zedi, kenako masulani pang'ono, bwezani, thirani palafini, masulaninso. Ikalimba, imani, muithirenso.

Tsopano wowotcherera. Apa ndi pamene ndili ndi mangawa.

Njinga ya alamu anga inathyokera pulagi mkati, iwo n'kuikankha mpaka kwa wowotcherera wina wa pamsika. Munthuyo anatchula mtengo wooneka wachifundo. Anawotcherera nati pa chotsalacho injini ili pa njinga, osamasula hedi, n'kupotokola chitsulo chikadali chofiira. Chinatulukadi, anthu mpaka kuwomba m'manja. Chimene sananene n'chakuti mazinga onse a hedi anatulukira limodzi, ndipo tizidutswa ta mbali yoyera ija ya pulagi tinagwera mu silinda. Pulagi yatsopano inangozungulira osagwira. Atabwerera kukadandaula anauzidwa kuti, "Inu bambo, munati ndichotse, ndachotsa."

Mtengo weniweni unayambira pamenepo. Makaniko wogwetsa hedi, gasiketi yatsopano, thiransipoti kukwera Thabwa mpaka ku Blantyre kukaikitsa Helicoil, kawaya kolowa m'malo mwa mazinga owonongeka, kwa anthu a makina, kubwerera, kumanganso, kutchuna ma valuvu. Masiku onsewo njinga siikugwira kabaza, pakhomo ndiwo zikufunika. Ndalama imene analipira pamsika paja inali yochepetsetsa pa zonsezi. Kuwotcherera nati si kolakwika pakokha. Amakaniko odziwa amachita zimenezo, koma hedi ili pansi, ndipo amadikira chitsulo chizizire asanapotokole. Wanu akakana kugwetsa hedi kuti n'kutaya nthawi, kankhani njinga yanu muzipita. Pa Yamaha DT 125, imene ilibe ma valuvu, kugwetsa hedi ndi kumasula manati ochepa chabe, palibe chowiringula.

Ka easy-out kotchipa kaja ka m'mashopu a zitsulo, kachitsulo kozulira chothyokera m'bowo, ndikanenapo mawu amodzi: kakathyokera mkati, diliro wamba sakaboola.

Ndiye pulagi ikadali yathunthu, palafini ndi injini yofunda. Ikathyoka, hedi igwe kaye, ipite kwa wodziwa. Yatsopano muilowetse ndi zala zokha mpaka washa agunde, injini ili yozizira, kenako sipanala theka la kuzungulira basi. Amene muli ndi sipanala yoyeza mphamvu, a NGK, kampani yopanga mapulagiwa, amati 10 mpaka 12 Nm (muyezo wa mphamvu yomangira) pa pulagi ya mamilimita 10, ndi 15 mpaka 20 Nm pa ya mamilimita 12. Yakale yoibwezeretsa, washa wake anaphwanyika kale, ndiye kungoikhudza pang'ono kwakwana.