Msika wa Lamlungu kapena pafoni?

Ndimapanga zolendewera za pamwamba pa bedi la mwana: timbalame ta zidutswa za chitenje, mikanda, ndi timitengo tansungwi topingasa. Kupanga sikuvuta, nkhani ili pogulitsa.

Ku msika wa Lamlungu wa pa masitolo a Arcades ku Lusaka, m'mbali mwa Great East Road, katundu amadzitsatsa yekha. Kamphepo kakangowomba timbalame timazungulira, mwana amaloza, mayi ake n'kuima. Ndalama yake ndi ya pompopompo. Komatu malo umalipira, dzuwa limakuthera pamutu, ndipo ulusi ukapiringizana m'minibasi, ola lathunthu limatha ukumasula. Mvula ikayamba mu Novembala umangoyang'ana kumwamba.

Pa WhatsApp ndi Facebook umangogula bandulo basi. Chithunzi sichizungulira, n'chifukwa chake ndimatumiza kavidiyo. Ambiri amafunsa mtengo kenako zii. Koma amene watsimikiza amasankha yekha chitenje, amatumiziratu theka la ndalama pa Airtel Money, ndipo sanenerera ngati wapamsika.

Ine msika sindingausiye. Makasitomala ambiri apafoniwa anatengera nambala yanga komweko, atagwira kaye kambalame ndi manja awo.